Dontho pa Phiko la Kakowa

Ndinayamba kupaka buluu pa mitsuko ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kuno ku Arita, tauni ya oumba mbale ndi mitsuko. Amuna amajambula mizere, ife akazi timadzaza mkati mwake. Burashi yathu ndi yonenepa ngati mchira wa galu. Imamwa utoto wambiri, ndipo umachita kuifinya ndi zala pang'onopang'ono kuti utotowo utsike. Dothi lowotchedwa kamodzi limamwa msanga kuposa mchenga. Ukalakwitsa, walakwitsa. Palibe kufufuta.

Zaka makumi anayi ndinagwira ntchito imeneyi osadonthezapo kunja kwa mzere. Ndiye mutha kumvetsa mmene mtima unandipsera pamene mlamu wanga anandilamula kuti ndilakwitse dala.

Mlamu wangayo ndi Shozo Mawatari, mng'ono wa malemu amuna anga, ndipo ndiye mwini uvuni umene ndimagwirako. Tsiku lina m'nyengo yotentha analowa ndi bokosi lalitali lamatabwa, akulinyamula ndi anthu awiri. Kumbuyo kwawo kunali mayi Kabashima, eni nyumba ya alendo ya ku Takeo, akungoti, "Pang'onopang'ono, pang'onopang'ono."

Munali mtsuko wakale. Zaka mazana awiri ndi kupitirira. Unkandifika m'chiuno. Panali akakowa atatu oyera ataima m'madzi, bango likuwazungulira. Buluu wake anali wozama, wofewa, woti ukamuyang'anitsitsa umaiwala kupuma. Koma pa phiko la kakowa wapakati panali dontho. Lalikulu ngati chala chamanthu, lili ndi kamchira kotsetsereka pansi.

"Mlendo wina woledzera anangotsala pang'ono kuugwetsa," anatero mayi Kabashima. "Ndikufuna kuusunga m'nyumba yotsekera. Pakhomo paikidwe mnzake wofanana nawo."

"Phikolo ndilisiya loyera," ndinatero. "Apa wopakayo anaphonya."

"Ayi. Dontho lomwe. Alendo anga akale amalidziwa, ena mpaka amalisisita akamalowa. Likasowa adziwa."

Ndinayang'ana Shozo. Iye anali atawerama kale, akuti zimenezo n'zosavuta.

Mtsuko woyamba unatuluka mu uvuni ndi dontho lozungulira ngati diso la nsomba. Wachiwiri kamchira kanatalika mpaka kumwendo kwa kakowa. Wachitatu ndinaukhulupirira. Mayi Kabashima anavala magalasi, anawerama, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaweramuka.

"Ili mwachita kufuna," anatero. "Likuoneka."

Ananena zoona, ndipo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Cholakwa chochita dala chimakhala ndi ulemu. Chimaima pamene wachiika. Dontho lakale lija linalibe ulemu ngakhale pang'ono.

Mtsuko uliwonse unkadya mwezi wathunthu. Woumba anayamba kundipatsa moni wa mphuno. Wojambula mizere, amene akakowa okha ankamutengera masiku asanu ndi anayi, anasiyiratu kundiyankhula. Pofika mwezi wa Novembala, wachinayi unali pa benchi langa, wopakidwa ponseponse kupatula pozungulira phikolo.

Madzulo ake Shozo anaima pambali panga, manja m'matumba.

"Alamu, kulakwitsa basi kukuvuteni chonchi? Ana asukulu amalakwitsa tsiku ndi tsiku."

"Ndiye kaitaneni mwana wasukulu."

"Musandiyankhe choncho. Wojambula mizere wanena kuti wachisanu sajambula. Uwu ulowa mu uvuni mawa m'mawa. Ukakanidwanso, benchi ili ndipatsa wa maso abwino."

"Maso anga ali bwinobwino."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

Ndinatembenukira ku mtsuko. Munthu amene sanagwirepo burashi ungamuuze chiyani?

Anzanga anaweruka faifi koloko. Ine ndinatsala. Ndinayatsa mbaula ya parafini, ndinadya mpunga woumba umene ndinabwera nawo m'mawa, ndinamvera mapeto a masewera olimbana a sumo pa wailesi, ndinazimitsa. Kunja kunkawaza. Ndinasungunula utoto wathu, gosu, ndi tiyi wozizira monga timachitira. Usanapse umaoneka wakuda ngati matope. Kenako ndinasonkhanitsa mapale n'kuyamba kuyeserera.

Ndinadontheza nditatsinzina. Ndinadontheza ndi dzanja lamanzere. Ndinadzigunda chigongono ndekha. Ndinayesa kuyetsemula. Mapale makumi anayi anadzaza pansi, ndipo lililonse linali ndi dontho labwino, laulemu, langa.

Nthawi ndinasiya kuiyang'ana. Ndimangodziwa kuti magalimoto anali atasiya kudutsa.

Ngiii.

Kunamveka m'chipinda chosungiramo katundu, kuseri kwa khoma. Aliyense wa kuno amalidziwa phokoso limenelo. Ukafuna kudziwa ngati mbale ili ndi mng'alu, umaigogoda ndi chikhadabo. Yabwino imalira nthawi yaitali.

Ngiii.

"Alamu," ndinatero osatembenuka, "ngati mwabwera kudzandilondera, bwererani kwanu."

Zii.

Kenako ina inalira. Kenako ina. Wina ankayenda m'mbali mwa mashelefu, akugogoda chimodzichimodzi. Makapu. Mbale. Mitsuko ing'onoing'ono. Sankathamanga. Ankadikira kuti china chithe kulira asanagogode chinzake. Ndipo ankabwera chakukhomo kwanga.

Ndinadzuka, ndinakankha chitseko, ndinayatsa getsi. Mashelefu okhaokha. Khomo lakunja linali lokhoma, kiyi ali m'thumba langa. Kapu imodzi pafupi ndi ine inali ikumalizabe kulira.

Ndinanena ndekha kuti ndi kuzizira. Mbale nthawi zina zimalira kukazizira. Ndinabwerera pa benchi, ndinatola burashi.

Ndiye unalira mtsuko wakale uja.

Unali pambali panga, pamphasa, malo oti n'kuufikira ndi dzanja. Mawu ake anali aakulu, otsika, ngati belu lakukachisi lomvekera kutali. Ndinawamva m'mano. Ndinali ndikuuyang'ana, ndipo panalibe amene anaukhudza.

Ndinatsitsa maso. Kuseri kwa mtsukowo kunali mapazi. Opanda nsapato, otuwa ndi fumbi la dothi loyera.

Anatulukira pang'onopang'ono. Anali mtsikana, mwina wa zaka makumi awiri. Wamfupi. Anavala chovala chakale chantchito, manja a chovalacho atawamangira kumbuyo ndi chingwe monga ankachitira agogo athu. Zala zake zinali zakuda ndi gosu mpaka m'zikhadabo. Pachifuwa pa chovalacho panali madontho awiri onyowa. Ndinamva fungo la utsi wa paini ndi la mkaka wa m'mawere.

Sanandiyang'ane. Ankayang'ana mapale anali pansi aja. Anawerama, anatola limodzi, analiika pansi. Anatola lina.

"Onsewa?" anatero.

Mayankhulidwe ake anali akale, oti ndinawamva komaliza pakamwa pa agogo a mayi anga.

"Walowera pati?" ndinafunsa.

"Uwu unayenera kuswedwa." Anaika dzanja pa phewa la mtsuko wakale. "Ndinawapempha. Ndinagwada. Anati buluu wake watuluka bwino kwambiri, sangautaye."

Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanathawa. Mantha analipo, n'zoona. Koma pansi pa manthawo panali chinthu china chimene chinakhala chikuwira miyezi inayi, ndipo ndicho chinayankhula.

"Iwe ndiwe unapaka?"

Anagwedeza mutu movomera.

"Ndiye undiuze unachita bwanji."

Apa m'pamene anandiyang'ana. Nkhope yake inali wamba. Maso otupa, milomo yong'ambika ndi chisanu.

"Mayi, lisiyeni loyera phikolo."

"Ndikalisiya loyera andichotsa pa benchi. Iwe ukudziwa zaka zimene ndakhala pano? Miyezi inayi ndikunyozedwa chifukwa cha dzanja lako! Burashi inali yodzaza bwanji? Mtsuko unali utapendekera mbali iti? Anakugunda munthu?"

"Musafune kudziwa."

"Usandiuze zoti ndifune! Wabwera usiku, wagogoda mbale za eni ake, wandiopseza, ndiye ukuti ndisafune kudziwa? Ngati sundiuza, tuluka. Ndili ndi ntchito."

Ndinamukalipira ngati wophunzira ntchito. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Mbaula inkangoti tsii. Kenako mtsikanayo anapukuta zala pa chovala chake.

"Dzazani burashi," anatero.

Ndinadzaza.

"Onjezani. Madzi apansi pa phiko ndi akuya."

Ndinaonjezera mpaka burashi inalemera.

"Pendeketsani mtsuko. Kwa inu. Basi."

Anazungulira n'kuima kumbuyo kwanga. Sanandikhudze. Ndinkangomva kuti alipo, ngati mmene umamvera khoma mumdima. Ndinaika nsonga ya burashi m'mphepete mwa phiko. Ndinafinya pang'ono. Utoto unatsika bwinobwino, ukutsata mzere.

"Pakani basi," ananong'ona. "Musaganize za dontho. Inenso sindinkaliganiza."

Ndinapaka. Dzanja linadziwa njira yake. Ndinazungulira nthenga yoyamba, yachiwiri.

Getsi linali lomwelo, koma kuwala kunasintha. Kunayera ngati masana a nyengo yozizira. Kumanzere kwanga wina anatsokomola. Kumanja wina ankapera gosu m'mbale, khwee, khwee. Akazi awiri ankanong'onezana za mtengo wa mchere, wina n'kuseka. Sindinakweze mutu. Sungakweze mutu burashi ili pa dothi.

Ndipo kumtsinje kunkamveka mitondo.

Gu.

Kale m'mbali mwa mtsinje wathu munali mitondo yosinja miyala ya dothi. Madzi ankadzaza mbali imodzi ya chimtengo, chikalemera chinkapendeka, madzi n'kutayika, munsi n'kugwa. Usana ndi usiku, popanda munthu. Anaichotsa ine ndili kamwana.

Gu.

Nthenga yachitatu.

Gu.

Ndinadikira wotsatira. Sunabwere.

Amene ankapera gosu anasiya. Akazi aja anasiya kuseka. Panja panamveka nsapato zamatabwa zikuthamanga pamiyala, zikuterereka, zikudzukanso. Chitseko chokankhira chammbali chinakankhidwa mwamphamvu mpaka chinatuluka mu njanji yake. Mwamuna wina, akupuma movutikira, anakuwa, akuitana mtsikana uja.

"Osato! Osato! Kichi wako! Ali mu mtondo!"

Dzanja langa linafumbata burashi.

Ine ndilibe mwana. Sindinaberekepo. Amuna anga ndi ine tinayesa, tinapita ku akachisi, tinaleka. Koma nthawi imeneyo ndinkadziwa kuti Kichi ali ndi zaka ziwiri. Ndinkadziwa kuti m'mawa ndinamusiya kwa mnzanga woyandikana naye nyumba chifukwa woyang'anira ntchito anati mwana wapamsana amagwedeza dzanja. Ndinkadziwa kachipsera ka pachibwano pake. Mawere anandiwawa. Ndinaponya burashi n'kuthamanga.

Kiyi sindikumbuka kuti ndinamutulutsa. Ndimakumbuka mvula kumaso. Ndimakumbuka kuti sindinatsate msewu. Ndinadutsa kuseri kwa nyumba za anthu, pakati pa makoma a njerwa zakale za uvuni, njira imene sindinayendepo, koma mapazi ankaidziwa. Ndinatsetsereka pachigwembe. Madzi anandiluma m'mawondo.

Mtondowo panalibe. Ndinaufuna. Ndinapapasa pansi ndi manja, ndikutembenuza miyala. Pansi pa mtsinje wathu m'podzaza mapale a zaka mazanamazana. Anandicheka zala. Sindinamve. Ndinkangoitana.

"A Tsuyako! A Tsuyako!"

Nditamva dzina langa, ndinakweza mutu. Kunali kukucha. Pamlatho panaima mayi Fumie, amene amapanga tofu, chakudya cha soya, kumsika wakumunsi, atagwira njinga yawo. Dengu linali litagwa pansi.

"Mukutani m'madzimo? Tulukani, mufa!"

Anatsika, anandikoka, anandifunditsa jekete lawo. Ndinalibe nsapato. Mawu anali atatha.

"Ndakumvani kuchokera kunyumba," anatero akundipukuta manja. "Ndimayesa mphaka. Kichi ndi ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Ndinapeza kuti nkhope ya mwanayo yachoka. Kachipsera kaja, kulemera kwake pamsana, zonse zinali zitapita. Chinatsala ndi dzina ndi ululu wokha.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Ankafuna kundiperekeza kwathu. Ndinakana. Ndinapita kuntchito momwemo, madzi akuchucha.

Ndinapeza khomo lili pululu, anthu atazungulira benchi langa. Woumba, wojambula mizere, onse. Shozo anali atagwada pakati pa mitsuko iwiri ija, akuyang'ana uku, akuyang'ana uku.

"Alamu!" anafuula atandiona. "Ndi lomweli! Taonani kamchira! Mwachita bwanji?"

Ndinayang'ana. Dontho linali pa phiko, lakuda, losapsa, koma linali lomwelo. Lopanda ulemu.

"Uswe," ndinatero.

"Mwati?"

"Uswe, Shozo. Usalowe mu uvuni."

Anaseka. Kenako anaona mapazi anga ndi magazi a m'manja, kuseka kunatha.

"Mwagwa pati? Mwagona kuno?"

Pakona pali nyundo imene timaswera zokanidwa. Ndinaitola. Wojambula mizere, nkhalamba imene sinandiyankhule mwezi wathunthu, anandigwira mkono ndi manja onse awiri.

"Masiku asanu ndi anayi, mayi inu!" anatero. "Mwapenga?"

Anandilanda nyundo. Ndinawauza zonse, nditaima pomwepo. Za mbale zolira, za mtsikana, za mitondo. Anamvetsera ngati mmene anthu amamverera wodwala malungo. Nditamaliza, Shozo anandisisita paphewa.

"Mwatopa, alamu. Ndine ndinakupanikizani. Pepani. Kagoneni masiku atatu."

Sananditsutse. Akananditsutsa zikanakhala bwino.

Ndikugona, mtsukowo anauviika m'madzi onyezimiritsa n'kuulowetsa mu uvuni. Unatuluka wokongola kuposa chilichonse chimene ndinapakapo. Mayi Kabashima anavala magalasi, anazungulira mitsuko iwiriyo kawiri, n'kufunsa kuti wawo ndi uti. Ananditumizira bokosi la makeke a nyemba. Ndinapatsa mayi Fumie.

Adokotala anati ndi kutopa. Kumalo osambira, amayi ankasiya kuyankhula ndikalowa. Mayi Fumie ndiwo ankandiuza zonenedwa. Ena ankati ndinamwa mowa wa mbatata kuti dzanja linjenjemere, ndiye ndinapitirira muyezo. Ena ankati umasiye wandilowa m'mutu. Apongozi awo a mayi Fumie, amene ali ndi zaka pafupifupi zana, anangofunsa kuti anandipeza pati. Atauzidwa, anati, "Pokhota paja? Ifenso ankatiletsa kusewerapo. Chifukwa chake sanatiuze." Basi, anapempha tiyi.

Ndikanapirira zonsezo. Koma chaka chitangoyamba Shozo anandiitana mu ofesi, nkhope ikuwala.

"Alamu, khalani pansi. Munthu wina wa sitolo yaikulu ya ku Tokyo anagona ku Takeo. Wauona mtsuko wanu pakhomo. Akufuna makumi awiri."

"Phiko loyera?"

"Ayi, ndi dontho lomwe! Akuti dontholo ndiye moyo wake."

Ndinapukusa mutu.

"Sindipaka."

"Mwakwanitsa kamodzi."

"Si ine ndinakwanitsa. Ndinakuuza."

"Alamu, nkhani ija tisaiyambenso. Anthu khumi ndi awiri amadya pa uvuni uno. Zaka zitatu tsopano tikungopanga makapu a m'mahotela."

"Panga akakowa ena. Panga nsomba. Panga chilichonse."

"Akufuna amenewa."

Ndinakana katatu. Kachinayi sanandifunse. Anandisamutsira ku makapu, ndipo ntchito ya mitsuko anapatsa Harumi.

Harumi ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira burashi. Dzanja lake ndi labwino. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, mwamuna wake amayendetsa lole usiku, ndipo ali ndi mwana wamwamuna, Wataru, amene wangoyamba kumene kuthamanga. Mayi Kabashima anabwereketsanso mtsuko wakale uja kuti aziwonera. Uli pamphasa, pambali pa benchi lake.

Ndinamudikira panja poweruka.

"Harumi, mwana wanga, ikane ntchito imeneyi."

"Chifukwa?"

Ndinamuuza. Anamvetsera akumanga mpango m'khosi.

"Mayi Tsuyako, inu ndinu mphunzitsi wanga, ndimakulemekezani. Koma ngati ndi benchi likukuwawani, ingonenani."

"Si benchi."

"Ndiye ndiuzeni mmene munachitira dontholo. Osati za mizukwa. Burashi inali yodzaza bwanji?"

Ndinamva mawu anga omwe pakamwa pake. Ndinafuna kumumenya mbama. Ndinafuna kumukumbatira.

"Usamatsale usiku," ndinatero. "Chokhacho."

"Masana muli phokoso. Nanga ndiyeserera nthawi yanji?"

"Wataru umamusiya kwa ndani?"

"Kwa anansi."

"Uzimusiya kwa ine."

Anandiyang'ana modabwa, kenako anaseka. Anati ngati ndikufuna kutopa ndi mwana, iye sangakane.

Woyamba wake wakanidwa. Wachiwiri wakanidwa sabata yatha, ndipo wayamba kuyankha anthu mokalipa. Tsopano amatsala usiku uliwonse.

Nyumba yanga ili pamtunda. Ndikakhala pakhomo lamkati ndimaona zenera la kuntchito, ndipo kumunsi kwake ndimamva mtsinje. Wataru ndimamusambitsa, ndimamudyetsa, ndimamugoneka m'chipinda chopanda khomo lakunja. Ndinagula maloko awiri. Anansi anaona, ndipo akuti gogo uja zamukulira. Anene.

Usiku uno mwanayo anavuta kugona. Wagona tsopano, dzanja limodzi lili kunja kwa bulangete. Ndamumangirira lamba wa nsalu m'chiuno, mbali inayo ndamanga pamkono wanga. Ndakhala chopingasa pakhomo, msana kuchitseko.

Kwa Harumi getsi likadali loyaka.